Ndatsala ndi madola 400 okha: kodi ndingafike ku Sa Pa n'kubwerako bwinobwino?

"Zikomo akulu. Ndine mtsikana wa zaka 29, kwathu ndi ku Zomba koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Ndakhala ndikusunga tindalama kwa zaka ziwiri ndipo tikiti ya ndege yopita ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, ndagula kale. Zotsala ndi madola 400 basi, ndipo ndili ndi masiku 10. Mtima wanga uli pa tauni ya m'mapiri yotchedwa Sa Pa, imene ndinaona zithunzi za minda yake ya mpunga. Ndikupita ndekha, ine ndi chikwama changa chobereka. Anzanga akuti ndapenga, ena akuti ndalamazi zikatha tsiku lachitatu. Phiri la Mulanje ndinakwerako kawiri, choncho kuyenda sindiopa. Kodi zikwana? Nanga ndikachenjere ndi chiyani?"

Achemwali, mtima m'malo, simunapenge. Ndakhala ndikuperekeza anthu m'maulendo a mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo ku Sa Pa ndafikako kangapo, nthawi ya dzuwa ndi nthawi ya nkhungu yomwe. Mbali yodula ya ulendo wanu, yomwe ndi ndege, mwathana nayo kale. Madola 400 ndi pafupifupi ma dong 10 miliyoni (dong ndi ndalama ya ku Vietnam), chifukwa dola imodzi imasinthidwa ndi ma dong opitirira 25,000. Pa masiku 10 ndalama imeneyi imakwana, ndipo chenji chimatsala, koma pokhapokha mutamvetsa chinthu chimodzi chimene ambiri amachizindikira mochedwa: ndalama zimathera m'tauni ya Sa Pa, pomwe chimene mwapitira chili kunsi, m'chigwa.

Tiyambe ndi za pa chipata, mwachidule. Kuyambira mu Ogasiti 2023 dziko la Vietnam linatsegula viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse, kuphatikizapo ife a pasipoti ya Malawi. Yolowera kamodzi ndi madola 25 ndipo imatha kufika masiku 90. Lembetsani pa tsamba la boma lenileni, loti evisa.gov.vn, osati masamba ena ooneka ngati a boma omwe amalipiritsa kawiri kapena katatu. Chitani zimenezi kudakali milungu itatu, lembani dzina ndendende mmene lilili mu pasipoti, sindikizani pepalalo kawiri, ndipo onetsetsani kuti pasipoti yanu yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Mukachotsa madola 25 amenewo mwatsala ndi 375.

Kuchokera ku Hanoi pali njira ziwiri. Yoyamba ndi sitima ya usiku, yonyamuka cha m'ma 10 koloko n'kukafika ku Lào Cai, tauni ya m'malire ndi China, kukucha. Imatenga maola pafupifupi asanu ndi atatu. Sitimayo siifika ku Sa Pa; mumatsika ku Lào Cai n'kukwera minibasi makilomita opitirira pang'ono 30, msewu wokhotakhota wokwera phiri, pafupifupi ola lathunthu. Njira yachiwiri ndi basi yokhala ndi timabedi, yoyenda mumsewu waukulu umene unatsegulidwa mu 2014, ndipo imakutulani m'tauni mwenimwenimo patatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Basi ndiyo yotchipa, nthawi zambiri pakati pa ma dong 250,000 ndi 450,000. Ine ndimakonda kupita pa sitima n'kubwerera pa basi. Pa sitima mumagona motambasuka ndipo usiku umenewo simulipira malo ogona. Timabedi ta m'basi anatipangira anthu aafupi, ndiye ngati muli ndi msinkhu mawondo adzakudandaulani. Nsapato mumavula pakhomo la basi n'kuziika m'kajumbo kamene amakupatsani, musadabwe nazo.

Pa siteshoni ya Lào Cai m'pamene ndinalumidwa ulendo wanga woyamba. Ndinatsika ndi tulo m'maso, anyamata oitanira anandizungulira ngati pa depoti ya kwathu, wina n'kunditengera chikwama, ndipo ndinalipira mtengo umene pambuyo pake ndinamva kuti unali wa anthu anayi. Funsani mtengo musanakwere, auzeni aulembe pa foni kuti muuone ndi maso, ndipo lipirani mukafika. Palinso basi wamba yonyamuka pafupi ndi siteshoni, yotchipa kwambiri, kungoti imafuna kudikira.

Pa nkhani ya ndalama yomweyi ndikuchenjezeni za maziro. Pepala la 20,000 ndi la 500,000 onse ndi a mtundu wobiriwira ngati thambo, ndipo madzulo m'kuwala kochepa amafanana kwambiri. Kulakwitsa kamodzi kokha mwataya ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Mapepala akuluakulu ikani kwaokha m'kati mwa zovala, ang'onoang'ono m'thumba la pafupi. M'midzi khadi ya kubanki siigwira ntchito, choncho tapani ndalama m'tauni musanatsike. Popeza muli ku Johannesburg, funsani banki yanu ngati khadi lanu likagwire kunja komanso amadula zingati mukatapa. Amene akuchokera ku Malawi kwenikweni, kumene ndalama zakunja zikuvuta kupeza, ayambe kufunafuna madola miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo atenge mapepala atsopano osang'ambika, chifukwa osintha ndalama amakana okutha.

Tsopano tauniyo. Sa Pa ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,500, m'mapiri a Hoàng Liên Sơn. Afalansa, pa nthawi imene ankalamulira dzikolo, anaisandutsa malo othawirako kutentha kwa ku Hanoi, monga azungu ankachitira ndi phiri lanu la Zomba, ndipo tchalitchi chawo cha miyala chidakalipo pakati pa tauni. Koma musayembekezere kamudzi kabata. Lero ndi mahotela osanjikizana, zomangamanga, magetsi amitundumitundu ndi nyimbo zaphokoso mpaka usiku. Loweruka ndi Lamlungu anthu a ku Hanoi amakhamukirako ndipo mitengo ya zipinda imakwera. Ambiri amene amabwerako ali okhumudwa ndi amene anagona m'tauni masiku onse, n'kumadya m'malesitanti a alendo, n'kumalipira pa geti iliyonse yojambulirapo zithunzi. Inu gonanimo usiku umodzi, mwina uwiri. Bedi m'chipinda chogona anthu ambiri limapezeka pakati pa ma dong 100,000 ndi 200,000. Gulani simukhadi ya Viettel, yomwe imagwira bwino m'mapiri, tapani ndalama, kenako tsikani.

Kunsi kuli chigwa cha Mường Hoa, ndipo minda ya pa zithunzi zanu ija ili kumeneko: mapiri osemedwa masitepemasitepe kuyambira m'mphepete mwa mtsinje mpaka kumene maso amalekezera, sitepe iliyonse ili ndi madzi ake. Midzi imene mudzamve kwambiri ndi Ý Linh Hồ, Lao Chải ndi Tả Van. Ku Lao Chải kumakhala anthu a mtundu wa Hmong, ovala nsalu zakuda zonyika mu utoto wochokera ku masamba, moti manja a amayi ambiri ndi odera ndi utotowo. Ku Tả Van kuli a mtundu wa Giáy, ndipo kumpoto kwa tauni, ku Tả Phìn, kuli a Dao, omwe amayi awo amavala mipango yofiira kumutu ndipo amadziwika ndi madzi osamba owiritsa ndi zitsamba. Mutayenda masiku awiri m'matope, kukhala mumgolo wa matabwa wa madzi amenewo ndi ndalama imene simudzadandaula nayo. Anthu onsewa ali ndi zilankhulo zawo, ndipo kwa ambiri Chivietinamu ndi chilankhulo chachiwiri.

M'midzi imeneyi mumagona m'nyumba za mabanja, zomwe amazitcha homestay. Zina ndi homestay dzina lokha, zoona zake ndi timahotela ta anthu a m'tauni. Yeniyeni mumaidziwa chifukwa banja limadya nanu pa mphasa kapena pa tebulo limodzi: mpunga, nkhumba, tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), masamba okazinga, timikate tokulunga ndiwo m'kati. Mtengo wa bedi susiyana kwenikweni ndi wa m'tauni, ndipo chakudya chamadzulo cha banja chimatchipa poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Mukawerenga malo ogona, chakudya katatu ndi tina n'tina, tsiku la m'chigwa limadya ma dong pakati pa 500,000 ndi 700,000. Chulukitsani ndi 10, onjezani mayendedwe opita ndi kubwerera ku Hanoi, muona kuti simunafike pa 10 miliyoni paja.

Pali malo amodzi pomwe ndikukupemphani kuti musaumire: wokutsogolerani njira. Mukangotuluka pakhomo m'tauni, amayi a Chihmong okhala ndi madengu kumsana adzakufikirani n'kukufunsani m'Chingelezi chomveka bwino kumene mwachokera. Ambiri anachiphunzira kwa alendo, osati kusukulu. Mutha kugwirizana ndi mmodzi mwachindunji kuti akuyendetseni tsiku limodzi kapena awiri, mwinanso n'kukagona kwawo. Mukagula ulendo womwewo ku ofesi ya ku Hanoi mumalipira zambiri, mumayenda m'chigulu cha anthu khumi ndi awiri m'njira imene aliyense amadutsa, ndipo mayi wokutsogoleraniyo amalandira nyenyeswa. Mukalipira iye mwini, mumalipira zochepa ndipo iye amapeza zambiri. Gwirizanani zonse musananyamuke: makilomita angati, chakudya cha masana chili momwemo kapena ayi, ndalama ya pa geti yolowera m'chigwa alipira ndani, mubwerera bwanji. Ngati mukukayika, funsani a pamalo pomwe mwagona akulozereni munthu amene amamudziwa. Kwa inu woyenda nokha ndi bwinonso kuti ambiri mwa otsogolera njirawa ndi amayi anzanu.

M'njiramo mudzaona amayi ena awiri kapena atatu akukutsatirani osaitanidwa. Adzakugwirani dzanja potsetsereka, adzakupangirani kahatchi ka udzu, adzakufunsani ngati muli pabanja. Pofika pa chakudya cha masana adzatsegula madengu: zikwama zopeta, zibangili, mipango. Alendo ena amakwiya, amati apusitsidwa. Ine sindiona choncho. Mayi amene wakutetezani kuti musagwere m'munda wa mpunga maola atatu wagwira ntchito. Patulani kandalama kochepa, mugule kanthu kamodzi kwa amene wakuthandizani, nenererani mwaulemu. Ngati simukufuna, nenani poyambirira pomwe, momwetulira koma mosabwerera m'mbuyo. Mawu oti "ndiganiza kaye" iwo amawatenga ngati lonjezo, ndipo mawa adzakupezani. Koma ana aang'ono ovekedwa zachikhalidwe amene amagulitsa tizinthu usiku pabwalo la tchalitchi musawagule kanthu, ngakhale mtima uwawe. Akuluakulu a tauniyo amapempha alendo zomwezo, chifukwa ndalama imeneyo ndiyo imachititsa kuti ana azigona panja pozizira m'malo mopita kusukulu.

Simunanene mwezi umene mukupita, ndipo zambiri zagona pamenepo. M'mapiri amenewa mpunga amalima kamodzi pa chaka. Mu Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni amathira madzi m'minda n'kuwokera, ndipo masitepe aja amanyezimira ngati magalasi. Julayi ndi Ogasiti kumabiriwira koma ndi nthawi ya mvula yamphamvu. Mu Seputembala mpunga umacha, chigwa chonse chimasanduka chachikasu, ndipo pofika mu Okutobala ambiri amakhala atakolola. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale minda imakhala ziputu zokhazokha, kumazizira koopsa, zaka zina madzi amaundana m'mapiri, ndipo nkhungu imatha kukhala masiku atatu osachoka. Inu a ku Zomba chiperoni mumachidziwa. Tangoganizani chiperoni chimene simungaone nyumba ya tsidya la msewu, m'nyumba ya matabwa yopanda chotenthetsera. Ngati tikiti yanu ndi ya miyezi imeneyo, juzi yokhuthala ndi jekete la mvula n'zosakambirana. Nyengo yofatsa ndi Malichi mpaka Meyi komanso kumapeto kwa Seputembala mpaka Novembala. Onaninso ngati masiku anu sakugundana ndi Tết, chaka chatsopano chawo chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, kapena maholide a pa 30 Epulo, 1 Meyi ndi 2 Seputembala. Nthawi zimenezo matikiti a sitima amatha msanga ndipo mitengo imalumpha.

Mvula ya kumeneko si yoseweretsa. Mu Seputembala 2024 namondwe wotchedwa Yagi anagwetsa mvula imene inagumula mapiri m'chigawo cha Lào Cai, ndipo mudzi wa Làng Nủ unakwiririka ndi matope, anthu ambiri n'kufa. Amene tinaona zimene Freddy anachita kwathu mu 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Kukagwa mvula yosalekeza masiku awiri, kapena eni nyumba akanena kuti lero musayende, khalani pansi mumwe tiyi. Siyani tsiku limodzi lopanda pulogalamu pakati pa kubwerera ku Hanoi ndi ndege yanu, chifukwa msewu wotsika phiri umatha kutsekeka.

Popeza munakwera Mulanje, ndikudziwa kuti maso anu ali pa Fansipan, phiri lalitali kuposa onse ku Vietnam, Laos ndi Cambodia. Ndi la mamita opitirira 3,140, kutanthauza kuti limaposa Sapitwa pang'ono, amene ndi 3,002. Kuyambira mu 2016 kuli ngolo zoyenda pa chingwe zimene zimakufikitsani pafupi ndi nsonga m'mphindi zosakwana 20, koma tikiti yake ndi ma dong 800,000 kapena kupitirira, ndalama yoposa ya tsiku lanu lonse. Pamwambapo mukapeza masitepe a simenti, akachisi, chifanizo chachikulu cha Buddha ndi khamu la anthu ojambulitsa. Tsiku la nkhungu mumalipira zonsezo kuti mukaone utsi woyera. Kukwera wapansi n'kotheka tsiku limodzi lalitali kapena awiri kuyambira pa Trạm Tôn, koma phirili lili m'nkhalango yotetezedwa ya Hoàng Liên, ndipo pamafunika chilolezo ndi wokutsogolerani, zomwe zimadulanso. Maganizo anga ndi akuti pa thumba lanuli Fansipan mumusiye, pokhapokha m'mawa wina mutadzuka thambo lili mbee ndipo ndalama zikuoneka kuti zatsala. Mudzi wa Cát Cát, womwe uli pafupi kwambiri ndi tauni, nawonso mutha kuulumpha: pa geti ndi ma dong 150,000 ndipo m'katimo ndi mashopu ndi malo obwereketsa zovala zojambulitsira. Ndalama imeneyo ndi bwino ikuthandizeni kukafika ku msika wa Lamlungu wa ku Bắc Hà, maola pafupifupi atatu kuchokera ku Sa Pa, kumene anthu amagulitsana njati, akavalo ndi nsalu zamaluwamaluwa.

Njinga zamoto zobwereketsa n'zotchipa ndipo achinyamata ambiri amakopeka nazo. Inu musatero ngati simunazolowere kuyendetsa. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere monga kwathu ndi ku South Africa, misewu ndi yotsetsereka, nkhungu imagwa mwadzidzidzi, ndipo malole amadzaza makona. Choopsa china n'chakuti mukachita ngozi mulibe laisensi ya njinga yamoto yovomerezeka kumeneko, inshulansi imakana kulipira. Kwerani kabaza wa njinga yamoto, eni ake amati xe ôm, ndipo chipewa chodzitetezera muvale, ndi lamulo.

Inshulansi ya paulendoyo gulani musananyamuke, yokhala ndi gawo la chipatala ndi kukunyamulani mukavulala, ndipo werengani ngati ikuphatikiza kuyenda m'mapiri. Ndi ndalama yokhayo imene mumalipira n'kumapemphera kuti ipite pachabe. Nsapato zikhale zogwira pansi ndiponso zozolowera phazi lanu, chifukwa dothi la m'minda likanyowa limaterera ngati sopo. Eni midzi amayenda ndi majombo a labala, ndipo m'ma homestay ambiri amabwereketsa. Nthawi ya mvula m'tchire mumakhala misundu; siopsa, ingovalani masokosi aatali. Madzi a pampopi musamwe. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi awo, tengani kosinthira.

Chakudya chotchipa ndi chimene eni dziko akudya: mbale ya phở (msuzi wa nyama wokhala ndi tizingwe ta ufa wa mpunga) m'mawa, bánh mì (buledi woikamo ndiwo) masana, kapena malo olembedwa kuti cơm bình dân, kumene mumaloza ndiwo n'kukuikirani pa mpunga. Sankhani pamene padzaza anthu ndipo mphika ukubwadamuka. Lawaninso cơm lam, mpunga wophikira m'nsungwi. Thắng cố ndi msuzi wa Chihmong wa nyama ndi zam'kati za kavalo. Ndakuuziranitu kuti musadzanene kuti sindinanene. Madzulo eni nyumba adzatulutsa kachasu wa mpunga m'botolo la pulasitiki n'kumakuthirirani timakapu motsatizana. Kukana konse kumaoneka mwano pang'ono, koma kunyowetsa milomo n'kuika kapu pansi n'kololedwa. Mowa wosadziwika kumene wachokera, makamaka waulere wa m'mabala a alendo, upeweni. Mu Novembala 2024 alendo asanu ndi mmodzi anafa ku Vang Vieng m'dziko loyandikana nalo la Laos atamwa mowa wokhala ndi poizoni wotchedwa methanol. Mukamwa mowa kenako maso n'kuyamba kuchita chidima, mutu kuwawa modabwitsa, kusanza kapena kupuma movutika, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Zina zofuna chipatala msanga ndi izi: galu kapena mphaka akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo mukalandire katemera wa chiwewe tsiku lomwelo, chifukwa matendawa aliko ndipo agalu a m'midzi ndi ambiri. Kutsegula m'mimba kopitirira masiku awiri, kapena kwa magazi, ndiponso kutentha thupi kulikonse, pitani akakuoneni, ndipo muwauze ngati mwakhalako kudera la malungo posachedwa. Ku Sa Pa chipatala chilipo, koma zazikulu amatumiza ku Lào Cai kapena ku Hanoi. Nambala ya ambulansi ndi 115, ya apolisi ndi 113. Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala kapena kiliniki ya apaulendo kudakali mwezi, akuuzeni za katemera woyenera.

Funso limene simunafunse koma ndikudziwa lili mumtima: munthu wakuda, wamkazi, yekha, akamulandira bwanji? Adzakuyang'anani kwambiri. Ena adzapempha kujambulitsa nanu, ena adzajambula osapempha, ndipo agogo ena adzafuna kugwira tsitsi lanu, makamaka ngati mwaluka. Kwa ine zambiri zinali chidwi chabe, ngakhale tsiku lachisanu zimatopetsa. Muli ndi ufulu wokana. Kugwedeza dzanja n'kunena kuti không, kutanthauza ayi, kumakwana. Nanunso pemphani musanajambule munthu. Usiku musayende nokha m'njira za pakati pa midzi, kulibe magetsi ndipo agalu amamasulidwa. Tumizirani wachibale dzina la malo amene mwagona tsiku lililonse, pokumbukira kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola asanu.

Pasipoti muisamale kuposa ndalama. Malo ogona adzaipempha kuti akulembetseni kupolisi monga lamulo limanenera. Aloleni aijambule kapena alembe zofunikazo, kenako akubwezereni. Dziko la Malawi lilibe ofesi ya kazembe ku Vietnam, ndiye ikatayika mudzavutika milungu, ndipo madola 400 aja sadzakwananso. Jambulani tsamba la chithunzi, viza ndi chilolezo chanu chokhalira ku South Africa, musunge pa foni ndi pa imelo, ndipo pepala limodzi losindikiza likhale m'thumba lina. Poyenda m'minda ikulungeni m'kajumbo kapulasitiki, chifukwa tsiku lina mudzaterereka n'kukhala pansi m'madzi a mpunga, monga tonse tinachitira.